Kalata ya wantchito wa ku Virginia

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili giredi 8 pasukulu ina ku Mirdif, mumzinda wa Dubai, pomwe ndinaba mawu a bambo anga n'kukawawerenga pagulu. Anthu anandiombera m'manja. Bambo nawonso anaomba.

Ndinabadwira ku Mponela, koma ku Dubai ndinafika ndili ndi zaka zisanu. Mayi anali atapeza ntchito yothandiza aphunzitsi a ana a mkaka pasukulu yotsata maphunziro a ku America, ndipo ana a ogwira ntchito ankapatsidwa malo. Umo ndi m'mene mwana wa ku Mponela anapezekera m'kalasi limodzi ndi ana obwera pagalimoto zokhala ndi madalaivala. Ine ndi mayi tinkakhala ku International City, m'chipinda chimodzi cha fulati yomwe tinkagawana ndi anti Beatrice, mayi wa ku Chipata woluka tsitsi kusaluni. Chipinda chathucho tinachidula pakati ndi katani. Uku kunali bedi la mayi, uko kunali kabedi kanga ndi kathebulo kolemberapo.

Bambo sankakhala nafe. Kumudzi anali mphunzitsi wa mbiri pasekondale yoyendera, koma kuno anali mlonda pageti la nyumba yosungiramo katundu ku Jebel Ali, ndipo ankagona kunyumba za kampani zomwe aliyense ankangoti kukampu. Kwathu ankabwera Lachisanu lokha, tsiku lawo lopuma, poti masiku amenewo sabata ya kuno inkayamba Lamulungu. Ankafika dzuwa lili pamutu atasintha mabasi kangapo, n'kunyamuka lisanalowe. Pasabata yonse bambo ndinkawaona maola asanu ndi limodzi basi.

Tsono panali nkhani ya chilankhulo. Nditangoyamba sukulu, mphunzitsi wina anauza mayi kuti kunyumba azindilankhula Chingerezi kuti ndisatsalire, ndipo mayi anamvera mopitirira muyeso. Pasanathe zaka ziwiri lilime langa linali litauma. Tsiku lina nditayesa kupereka moni kwa alendo a kutchalitchi, anaseka mpaka kugwira nthiti, akuti ndikulankhula ngati wansembe wachizungu. Kuyambira pomwepo ndinatseka pakamwa. Akandifunsa m'Chichewa ndinkayankha m'Chingerezi, ndipo pang'onopang'ono aliyense anangoti mwanayu Chichewa chinamuthawa. Makolo anga zinkawanyaditsa pang'ono, ndisaname. Bambo ankandiitana kuti mzungu wanga.

Koma chomwe chinauma ndi pakamwa pokha. Makutu ankamva chilichonse.

Lachisanu lililonse tikatha kudya, bambo ankavula nsapato, mayi n'kuwabweretsera beseni la madzi otentha othira mchere, chifukwa mapazi awo ankatupa ndi kuima maola khumi ndi awiri patsiku. Ine ankandiuza m'Chingerezi kuti ndikalembe za kusukulu, n'kukoka katani. Kenako bambo ankayamba kulankhula.

Akamalankhula ndi ine, Chingerezi chawo chinkakhala cha m'kalasi, chosita bwino, chopanda nthabwala. Mafunso anali omwewo sabata ndi sabata: sukulu ili bwanji, masamu akuyenda, ukumvera mayi ako. Koma kuseri kwa katani, m'Chichewa, ankasanduka munthu wina. Ankatsanzira supavaiza wawo pokuwa m'Chiarabu kuti "yalla, yalla", kutanthauza fulumirani, mpaka mayi kutsamwa ndi kuseka. Ankasimba za mnzawo wa ku Nepal yemwe ankagona ataimirira maso ali psuu. Ankakumbuka fodya wa agogo ku Dowa, m'mene utomoni unkadetsera manja nthawi yothyola, ndi kafungo ka m'chigafa mvula ikamagwa. Ine ndinkagwira pensulo, mutu uli pabuku, osalemba kanthu. Bambo anga enieni ndinkawapeza pamenepo pokha, ndipo iwo sankadziwa kuti ndikuwapeza. Sabata yonse ndinkangodikira katani ija ikokedwe.

Anti Beatrice ndi okhawo anali ndi maso. Tsiku lina atabwera kudzabwereka mchere anandiyang'ana, n'kuyang'ana makolo anga.

"Imwe, uyu mwana amvela vonse," anatero m'Chinyanja chawo cha ku Zambia. "Muone chabe mwamene akhalila zii."

"Ndani, Tiya?" bambo anaseka. "Ameneyu ngakhale mutamutukwana angokuuzani kuti thenkyu."

Ndinapitiriza kuyang'ana buku. Nkhope yosamva ndinali nditaizolowera.

Chaka chimenecho paphunziro la sosho tinkaphunzira mbiri yakale ya America. Mphunzitsi wathu anali Mayi Harlan, wamtali, wachichepere, wongobwera kumene kuchokera kwawo, ndipo ankaikonda ntchito yake mochita kumvetsa chisoni. M'kalasi mwathu munali ana a ku Lebanon, India, Egypt, Jordan ndi ine, Amereka enieni awiri okha, koma tonse tinkapaka utoto mapu a madera khumi ndi atatu a atsamunda, panja mchenga ukuwomba pawindo. Tinaloweza zombo, chimanga, chisanu, ndi tauni ya Jamestown yomwe anthu anafamo ndi njala. Ine zonsezi zinkangondidutsa ngati basi yopita kwina. Sindinali mbuli, koma sindinkaona chomwe anthu ovala zipewa zazitali aja ankandifuna.

Kenako tinafika pa antchito a pangano. Mayi Harlan anafotokoza kuti amenewa anali amphawi a ku England omwe ankasaina chikalata kuti bwana awaolotse nyanja, iwo n'kumugwirira ntchito zaka zinayi mpaka zisanu ndi ziwiri, ambiri m'minda ya fodya ku Virginia. Sankaloledwa kuchoka kwa bwanayo, ngakhale kukwatira popanda chilolezo chake. Chomwe chinandisangalatsa ine n'chakuti anali azungu. Ndinkadziwa kuti mutu wa akapolo a ku Africa ukubwera sabata yotsatira, ndipo maso onse adzatembenukira kwa ine, ndiye sabata imeneyi ndinkapumako.

Anatiwerengera kalata yeniyeni yomwe mnyamata wina wa nthawi imeneyo analembera makolo ake, yodandaula njala ndi matenda. Atamaliza anavula magalasi n'kunena kuti mbiri si masiku ndi mayina, koma mawu a anthu omwe anali pomwepo. Ntchito yathu inali yakuti aliyense adziyese wantchito wa pangano, alembe kalata yopita kwawo.

Ndinalemba yanga m'basi. Ndinaikamo njala, chisanu, bwana wankhanza, zonse zomwe zinali m'buku. Inabwerera Lachinayi ili ndi inki yofiira, ndipo pansi panali mawu akuti, "Ndikumva buku, sindikumva munthu. Lembanso, ubweretse Lamulungu." Zikanakhala za mwana wina zikanathera pomwepo. Koma ine ndinali mwana wa wantchito, ndipo malikisi anga ankafika m'makutu a mayi ndisanakwere n'komwe basi yobwerera. Mayi sanakalipe. Anangoti, "Tiya, pasukulu paja tili ngati alendo. Usandichititse manyazi."

Mawa lake linali Lachisanu. Bambo anabwera, tinadya, beseni linabwera, katani inakokedwa. Ine ndinakhala pakathebulo ndi pepala loyera. Tsiku limenelo bambo sanatsanzire aliyense. Mawu awo anali otsika, ndipo madzi a m'beseni sankamveka kugwedezeka.

"Mayi a Tiya, sabata ino ndatopa," anatero. "Osati mapazi. Ine ndatopa."

Anasimba kuti kamnyamata kena ka mu ofesi, ka msinkhu wa ana omwe ankawaphunzitsa folomu 4, kanawaitana ndi kuliza zala kuti akanyamulire chikwama, ndipo iwo anathamanga. Chomwe chinawawawa si kuliza zalako, koma kuti miyendo yawo inathamanga yokha asanaganize. Anasimba kuti m'chipinda mwawo mwa anthu asanu ndi atatu mulibe yemwe amadziwa kuti anali mphunzitsi, ndipo sanamuuze aliyense poopa kusekedwa. Anati akamaimbira agogo kumudzi amawauza kuti ndi mkulu wa alonda, ali ndi ofesi yake. Anati nthawi zina pageti pakakhala zii amapezeka akuphunzitsa magalimoto oima, chamumtima, ndipo aiwala m'mene mawu awo amamvekera m'chipinda cha anthu omvetsera.

Mayi anati, "Zidzatha, bambo a Tiya. Kontrakiti ikatha tiona."

"Inshallah, Mulungu akalola, monga amanenera eni dziko." Kenako bambo anapitiriza: "Koma chondiopsa ine ndi mwanayu. Sindimudziwa. Ndimabwera muno ngati mlendo, ndimufunse mafunso atatu, khalas, basi. Akandiyang'ana ndimaona ngati akuyang'ana mlonda wa pageti la sukulu yawo. Ndimamuopa mwana wanga yemwe."

Mwina mukuganiza kuti ndinalira, kapena ndinatsegula katani n'kukawakumbatira. Ayi. Sindinamve chisoni. Mumtima munali zii, m'mutu mokha ndi momwe munayera mbee, ndipo chomwe ndinaganiza n'chakuti: munthu yemwe Mayi Harlan akumufuna uja ndi ameneyu. Dzanja linayamba kulemba. Geti ndinalisandutsa munda wa fodya, kampu ndinaisandutsa khumbi la antchito, kamnyamata ka mu ofesi kanakhala mwana wa bwana, magalimoto oima anakhala mizere ya fodya. Utomoni wa m'manja ndinautenga ku Dowa n'kuupititsa ku Virginia. Zina zonse ndinangozitembenuzira m'Chingerezi momwe zinatulukira pakamwa pawo, liwu ndi liwu. Pomwe bambo ankavala nsapato kuti azipita, ndinali nditadzaza masamba awiri. Anandisisita pamutu n'kunena m'Chingerezi kuti ndine mwana wakhama.

Kalata ija inabwerera ndi malikisi onse. Mayi Harlan anandiimitsa ena atatuluka, maso ali onyowa, n'kundifunsa kuti zimenezi ndazitenga kuti. Ndinati ndangoganiza. Anati ndili ndi mphatso, ndipo ndidzaiwerenge pa Tsiku la Atsamunda.

Limeneli linali tsiku lotsekera mutuwo, pomwe ana a giredi 8 ankavala ngati anthu akale aja, makolo n'kubwera kudzaonera. Mayi atamva kuti ndasankhidwa anaimbira bambo foni pomwepo, osafunsa n'komwe kuti m'kalatamo muli chiyani, poti kwa iwo malikisi onse anali okwanira. Bambo anaseka kwambiri. "Ife atsamunda tinawathamangitsa, inu mukuwapangira phwando? Chabwino, ndisinthana shifiti ndi mnzanga. Mzungu wanga akamawerenga ndikhalepo."

Ndinali ndi masabata awiri oti ndikonze zinthu. Ndikanatha kudwala. Ndikanatha kuchotsa ndime yomaliza. Ndikanatha kupita kwa Mayi Harlan n'kunena zoona. Sindinachite chilichonse mwa izi. Ndinkadziuza kuti supavaiza sawalola, ndipo akawalola, mawu awo avala Chingerezi ndi chipewa cha ku Virginia, sangawazindikire. Kunena zoona sindinkaganiza kwambiri. Ndinkadzuka, kukwera basi, kubwerera, masiku n'kumatha okha.

Tsikulo linali Lachitatu m'mawa. Mayi anandisokera kanduwira koyera kuchokera ku chovundikira pilo, ndi epuloni ya nsalu ya bedi. Muholo munkazizira ngati m'firiji, munkanunkha mafuta onunkhira a azimayi ndi mkate wa chimanga womwe kalasi ina inaphika. Bambo ndinawaona ndili kuseri kwa nsanja. Anakhala mzere wachitatu kuchokera kumbuyo, atavala shati yoyera ya manja aatali ndi tayi yomwe ankavala pophunzitsa ku Mponela, manja ali pamaondo. Mayi anaima pakhomo ndi yunifomu yawo, poti anangopempha mphindi zochepa kuchoka kwa ana awo.

Anzanga anachita sewero la chombo, ena anavina. Kenako dzina langa linaitanidwa.

Ndinawerenga bwino, mosadodoma. Mawu anga ankamveka ngati akuchokera m'chipinda china. Nditafika pa mwana wa bwana woliza zala ndi miyendo yothamanga yokha, ndinakweza maso. Bambo anali atasiya kumwetulira, koma nkhope sinasinthe mwina mulimonse. Nditafika pa wantchito yemwe amalembera mayi ake kuti ndi kapitawo, mayi anga pakhomo paja anagwira pakamwa. Ndinaona zonsezi ndipo ndinapitiriza, chifukwa pepala linali lisanathe. Ndime yomaliza inkati wantchitoyo ali ndi mwana wamkazi pamunda wina, amamuona kamodzi pa masiku asanu ndi awiri, samudziwa, ndipo amamuopa.

Nditamaliza, manja anaomba. Mayi wina wa mzere woyamba ankapukuta m'maso ndi kansalu. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa anthu onsewo amene anadziwa chomwe chinachitika. Kwa iwo anali mwana wa ku Africa wanzeru yemwe wamvera chisoni mzungu wakufa kalekale. Tinkadziwa ndife atatu basi. Bambo ankaomba m'manja pang'onopang'ono, akundiyang'ana.

Pa tiyi Mayi Harlan anawapeza bambo, n'kuwagwira chanza ndi manja awiri. Anati mwana wanu ali ndi luso loganiza lomwe sindinalionepo, amalowa mumtima mwa munthu yemwe sanakumane naye. Bambo anawerama pang'ono, monga amachitira pageti, n'kunena kuti, "Zikomo, madamu. Mwamuphunzitsa bwino."

Anayenera kubwerera ku Jebel Ali kukagwira shifiti ya mnzawo ija. Mayi anandipemphera chilolezo kuti ndiwaperekeze bambo pamalo okwerera basi, iwo n'kubwerera kwa ana awo osandiyang'ana. Tinayenda awiri m'mbali mwa mipanda ya nyumba zikuluzikulu za ku Mirdif, ine ndikadali ndi kanduwira kanga kumutu. Dzuwa linali loswa mtengo. Pokwerera basi panali kanyumba koziziritsa, koma munali anthu, ndiye bambo anaima panja pamthunzi wake. Ndege za ku Mirdif zimadutsa pamutu penipeni, ndipo anadikira ina ithe kudutsa.

Analankhula m'Chichewa. Aka kanali koyamba m'zaka zambiri kundilankhula ine mwini m'Chichewa, akundiyang'ana m'maso.

"Ndiye umamva."

Ndinagwedeza mutu.

"Zonse?"

Ndinavomera m'Chingerezi. Pakamwa sipanathe kutulutsa ngakhale "eya".

"Kuyambira liti?"

Ndinati sindinasiyepo.

Anayang'ana msewu nthawi yaitali. Ndinkadikira kuti akalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Koma atatembenuka anali mphunzitsi wochonga ntchito ya mwana.

"Kalata yako ndi yabwino. Malikisi aja sanakukondere. Koma mbiri waisiya theka. Anthu ako aja akamaliza zaka zawo ankapatsidwa chimanga ndi zovala, ena ankapeza malo, n'kukhala konko mpaka dziko lija kukhala lawo. Ine ndikamaliza adzandipatsa tikiti. Ukanati ufanizire, ukanafika mpaka pamenepo."

Ndege ina inadutsa. Anamasula tayi n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika m'thumba.

"China ndi ichi. Mnyamata yemwe aphunzitsi ako anakuwerengerani kalata yake uja ankalembera mayi ake ndi bambo ake. Sankalembera kalasi. Koma iye anafa kalekale, palibe woti akamupemphe. Ine ndili moyo, Tiyamike. Ndinali kuseri kwa katani, mapazi ali m'madzi. Unandifunsa?"

Ndinkayang'ana nsapato zawo zopolishidwa, ndipo ndinaona kuti kumbuyo anazing'amba pang'ono kuti chidendene chilowe. Basi inafika. Anandipatsa botolo la madzi lomwe anatenga kuholo, n'kunena m'Chingerezi kuti ndibwerere msanga ndisapse ndi dzuwa. Anakwera, n'kukhala mbali yosayang'ana kwa ine.

Ndinabwerera kusukulu, ndinadya mkate wa chimanga, ndinalemba masamu. Anzanga ankandiyamikira ine n'kumathokoza. Madzulo mayi anangonena mawu amodzi akuchapa mbale, osatembenuka: "Wawavula bambo ako pagulu." Sanabwerezenso nkhaniyo mpaka lero.

Lachisanu linafika, ndipo bambo anabwera nthawi yake. Anandifunsa mafunso atatu aja m'Chingerezi, mwaulemu. Tinadya. Mayi anabweretsa beseni, bambo anaviika mapazi, katani inakokedwa. Ndinakhala pakathebulo kanga n'kudikira. Kunkamveka makina oziziritsa ndi wailesi ya anti Beatrice kuchipinda kwawo. Patapita theka la ola bambo anapukuta mapazi, n'kunena kuti, "Mayi a Tiya, tiyeni tikagule mkate." Mkate unalipo m'nyumba.

Ndinasuzumira pawindo. Anali ataima pansi, pakati pa magalimoto oimikidwa, pakamthunzi kakang'ono ka nyumba yoyandikana nayo, m'kutentha kwa masana komwe ngakhale amphaka amabisala. Bambo ankalankhula, manja akuyenda, ndipo pena mayi anaponya mutu kumbuyo ndi kuseka. Ndiye kuti supavaiza anali akutsanziridwa. Ndinali pansanjika yachinayi, galasi litatsekedwa, sindinamve ngakhale liwu limodzi.

Zinakhala choncho Lachisanu lotsatira, ndi linalo, mpaka zinangokhala mwambo. Sanandilange. Sanandimenye, sanandimane kanthu, sanasiye kunditcha mzungu wanga. Anangotenga mawu awo n'kukawasunga pomwe sindingafike. Ine sindinapepese. Poyamba ndinkati ndidikire mtima wawo uzizire, kenako ndinkati papita nthawi, kuyambitsanso n'kutokosa chilonda. Mumtima mwanga simunali chisoni chomwe ndikanachitchula dzina, munali ngati mwendo womwe waukhalira nthawi yaitali. Sosho ndinakhoza bwino chaka chimenecho, ndipo kalata ija inakhala pakhoma la kalasi mpaka tchuthi.

Bambo anabwerera ku Malawi patatha zaka zitatu, mapazi atakana. Anapatsidwadi tikiti. Ine ndinawatsatira nditamaliza sukulu, ndinakhala kumudzi zaka zingapo ndikuphunzira ku koleji, ndipo Chichewa chomwe ndikulembachi ndinachitolera kumeneko, anthu akundiseka mpaka atatopa. Ndinkaganiza kuti pakamwa pakatseguka, bambo nawonso atseguka. Timacheza ndithu, m'Chichewa chokhachokha, za mvula, za mitengo ya feteleza, za maliro a m'mudzi. Ndi anzawo pakhonde amasimba nkhani za ku Jebel Ali anthu n'kumagubuduka ndi kuseka, koma ine ndikatulukira ndi tiyi amamalizitsa msanga n'kundifunsa ngati ndaika shuga.

Pano ndinabwerera ku Dubai, ndikugwira ntchito, ndipo ndikukhala ku International City komweko, m'nyumba ina. Zomwe ndikuzidziwa lero n'zakuti kumva si mlandu. Ana onse amamva. Mlandu wanga unali wakuti munthu anatulutsa zakukhosi akudziyesa ali yekha ndi mkazi wake, ine n'kuona zoti ndilembe. Tsiku lomwelo anali atanena kuti samandidziwa ndipo amandiopa. Chomwe ankafuna chinali kuseri kwa nsalu, mapazi awiri kuchokera pomwe anakhala. Ndikanangoikoka n'kunena liwu limodzi la Chichewa changa chopindikacho. M'malo mwake ndinawaonetsa kuti ankaopa zoona.

Sabata yatha ndinawaimbira foni masana, nthawi yopuma kuntchito. Titatha za mvula ndinati, "Adadi, ndikufuna kulemba za kalata ija ya ku Virginia, kuti anthu awerenge. Mundilola?"

Kumbuyo kwawo kunkamveka nkhuku ndi njinga yamoto yodutsa.

"Walemba kale, eti?"

Masamba onse anali patsogolo panga, kupatula ndime ino.

"Eya," ndinatero.

"Ndinadziwa," anatero bambo, mosakwiya konse. "Tsono ukundifunsiranji?" Kenako anandiuza kuti chimanga cha kudimba chayamba kumasula, ndipo ndipereke moni kwa anzanga a kuntchito.